Kuchoka m'Jakisoni Kufika pa Khungu: Mbiri ya Kamfa pa Ntchito Yochiza

Usiku wolowera pa 15 Julaye 1904, m'tauni ya Badenweiler ku Germany, mlembi wa ku Russia Anton Chekhov anayamba kubanika. Anali ndi zaka 44, ndipo chifuwa chachikulu chinali chitamudya kwa nthawi yaitali. Mkazi wake, Olga Knipper, anatuma munthu kukaitana dokotala. Dokotalayo, dzina lake Schwörer, ataona kuti mtima wa wodwalayo ukufooka, anachita zimene dokotala aliyense wophunzira bwino wa masiku amenewo akanachita: anamubaya jakisoni wa kamfa. Mtima sunadzuke. Kenaka anaitanitsa botolo la champagne. Chekhov anamwa, nagona cham'mbali, natsirizika. Mwini wakeyo analinso dokotala, choncho tanthauzo la jakisoni ameneyo pa ola lotero ankalidziwa.

Lero jakisoni wotere sapezekanso m'zipatala za maiko ambiri. Fungo lake lokha ndilo silinachoke. Amene anakulira m'chigawo chino cha Africa amalizindikira asanaone n'komwe chitini: lili mu Zam-Buk, mu Vicks, m'mafuta odzola a Ingram's amene amayenda malonda nyengo ya chisanu ikafika. Kodi mankhwala amene ankabayidwa pofuna kudzutsa mtima wa munthu wotsala pang'ono kufa anatsika bwanji mpaka kukhala mafuta odzola kumapazi ong'aluka? Timakonda kugawa mankhwala pawiri, amakolo ndi amakono, ngati kuti pakati pawo pali mtsinje wosaolokeka, tsidya lino kuli chikhulupiriro, tsidya linalo kuli umboni. Kamfa sanalemekezepo malire amenewa. Ndipo amene anamukhulupirira mopyola muyezo, namulowetsa m'mimba ndi m'mnofu wa odwala, kawirikawiri anali anthu a madigiri.

Dzina lenilenilo ndi mlendo wochokera kutali. M'Chimalay amati kapur, liwu lotanthauzanso choko kapena laimu, chifukwa cha kuyera kwake. M'Chisanskrit muli karpura, Aluya anati kafur, Chilatini chinati camphora, ndipo ife tinalandira liwuli kwa Angerezi n'kulipinda kuti likwane m'kamwa mwathu. Koma dzina limodzili lakhala likuphimba mitengo iwiri yosiyana. Woyamba ndi Dryobalanops aromatica, chimtengo cha m'nkhalango za Sumatra, Borneo ndi Malaya. M'ming'alu ya m'kati mwa thunthu lake nthawi zina mumaundana timibulu toyera tonunkhira. Si mtengo uliwonse umene umakhala nato, ndipo osaka ankatha kugwetsa mitengo yambiri asanapeze umodzi wowalipira thukuta lawo. Ntchito yodalira mwayi chotere siichedwa kuzingidwa ndi miyambo. Anthu a mtundu wa Jakun ku Johor, akalowa m'nkhalango kukasaka kamfa, ankasiya mawu awo a tsiku ndi tsiku n'kumalankhula chilankhulo chapadera chotchedwa pantang kapur, kuopa kukwiyitsa mzimu wosunga chumacho. Wophunzira zilankhulo za kuno sangalephere kukumbukira hlonipha wa Azulu ndi Axhosa, ngakhale kuti kumeneko wopewedwa ndi apongozi. Kamfa ameneyu ankatulukira pa doko la Barus, kumadzulo kwa Sumatra, ndipo Marco Polo, amene anadutsa ku Sumatra chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, anasimba kuti wa ku Fansur, dera lomwelo, ankasinthanitsidwa ndi golide wolemera mofanana naye.

Mtengo wachiwiri ndi Cinnamomum camphora wa kummwera kwa China, Taiwan ndi Japan. Uwu sufuna mwayi. Amausema tizibenthu, n'kutiphika pamadzi owira, ndipo nthunzi ikakwera imakaundana pa chivundikiro chozizira, njira yosasiyana kwenikweni ndi katchezedwe ka kachasu. Akatswiri a kemisitiri anadzapeza kuti timibulu ta ku Sumatra ndi borneol, mbale wake wa kamfa wa ku China koma osati chinthu chimodzi. Wa ku China ndiye anali wotchipa, ndipo ndiye anadzaza dziko.

Olemba mbiri a Chiarabu, mmodzi mwa iwo al-Tabari, amasimba kuti asilikali a Chisilamu atalanda mzinda wa Ctesiphon, likulu la mafumu a Persia, mu 637, anapeza kamfa wambiri m'nkhokwe za kunyumba yachifumu. Anamuyesa mchere, namuthira mu ufa wa mkate, ndipo mkatewo unawawa. Nkhaniyi imaseka umbuli wa ankhondo a m'chipululu pamaso pa chuma cha mafumu, komabe dzina la kafur Aluya ankalidziwa kale, pakuti Qur'an imalitchula m'sura 76 pofotokoza chakumwa cha olungama. Mwambo wochokera kwa Mtumiki Muhammad umalangizanso kuthira kamfa m'madzi omaliza osambitsira mtembo. N'chifukwa chake m'Chiswahili, pambali pa liwu loti kafuri, muli dzina lina losapita m'mbali: karafuu maiti.

Madokotala a dziko la Chisilamu ankasanja mankhwala onse potsata kutentha, kuzizira, kuuma ndi chinyontho. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, anaika kamfa m'gulu la ozizira ndi ouma kwambiri. Choncho anali woyenera pa mutu wowawa ndi kutentha, pa kamfuno ndi pa zotupa zotentha, koma wogwiritsa ntchito mopitiriza ankachenjezedwa kuti amera imvi msanga ndipo chilakolako cha thupi chimuthera. Ku China, Li Shizhen, m'buku lake lalikulu la mankhwala la Bencao Gangmu limene linasindikizidwa mu 1596, anati kamfa wa kwawoko ndi wotentha, wothandiza pa mphere, pa dzino lowawa ndi pothamangitsa tizilombo m'zovala. Wina anganene kuti awiriwa sankatsutsana, popeza ankakamba za mitengo iwiri. Koma mkanganowo unaolokera ku Ulaya, kumene madokotala a zaka za m'ma 1700 ankakangana za chinthu chimodzi chomwecho chili m'botolo limodzi.

Mmodzi wa iwo, William Alexander wa ku Edinburgh, anatopa ndi makani naganiza zodziyesa yekha. M'buku lake la 1768 akusimba kuti anameza kamfa wokwana pafupifupi magalamu awiri ndi theka, akuwerenga kugunda kwa mtima wake ndi kupima kutentha kwa thupi lake. Yankho la funso lake sanalipeze. M'malo mwake mutu unasokonezeka, anakomoka, naphupha ngati wakhunyu. Anapulumuka, ndipo zimene zinamuonekerazo tikumana nazonso kutsogoloku.

Mkangano wa kutentha ndi kuzizira unadikira mpaka 2005. Pa nsonga za mitsempha ya m'khungu pali timakomo ting'onoting'ono timene timatseguka kukatentha kapena kukazizira, n'kutumiza uthenga ku ubongo. M'chaka chimenecho gulu la Ardem Patapoutian ku California linaonetsa kuti kamfa amatsegula khomo lomvera kufunda lotchedwa TRPV3. Gulu la David Clapham ku Boston linapeza kuti amatsegulanso TRPV1, khomo lomwe tsabola amatiwawira, kenaka n'kuligonthetsa kwa kanthawi, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu yake yoziziritsa ululu. Patapita zaka zingapo ena anaonetsa kuti amakhudzanso TRPM8, khomo la kuzizira limene menthol amatsegula. Tinganene kuti Ibn Sina ndi Li Shizhen onse ananena zoona pa zimene khungu limamva. Onse analakwa poganiza kuti zimene khungu lamva ndi zimene zachitikira nthendayo.

Kulakwa kumeneku ndiko kunapatsa kamfa ulemerero wake ku Ulaya. Munthu akamwa mankhwala ambiri samva kanthu, amangodikira. Kamfa amalankhula nthawi yomweyo: amalasa m'mphuno, amaziziritsa, amatenthetsa, amathamangitsa njenjete anthu akuona. Mliri ukabuka, pamene anthu ankakhulupirira kuti nthenda imayenda m'mpweya wonunkha, kunali kwanzeru kuganiza kuti fungo lamphamvu chotere liupirikitsa. Anamusakaniza ndi opium n'kupanga paregoric, mankhwala a chifuwa ndi kutsekula m'mimba amene anamwetsedwa ana kwa zaka zoposa 200. Kolera atafika ku Ulaya mu 1831, Samuel Hahnemann, woyambitsa homeopathy, analangiza kumwetsa odwala madontho a kamfa wosungunulidwa mu mowa waukali pa mphindi zingapo zilizonse. Chaka chotsatira Thomas Latta wa ku Leith, ku Scotland, anayesa kuthira madzi a mchere m'mitsempha ya odwala kolera. Njira ya Latta ndiyo kholo la diripi imene imapulumutsa anthu lero, koma inaiwalika kwa zaka makumi ambiri, pamene madontho a kamfa anapitirira kugulidwa pa mliri uliwonse.

Mtumwi wamkulu wa kamfa anali François-Vincent Raspail, katswiri wa kemisitiri komanso wandale womenyera ufulu wa anthu wamba ku France. Iye ankakhulupirira kuti matenda ambiri amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, maganizo amene anali patsogolo pa nthawi yake, komanso kuti kamfa amapha tizilombo tonseto, ndipo apa ndi pamene anasokera. Kuyambira mu 1845 ankatulutsa chaka ndi chaka kabuku kophunzitsa osauka kudzichiza okha: kamfa wonunkhiza ngati fodya wa m'mphuno, kamfa wodzola, kamfa wothira m'kabango ka nthenga kuti munthu azikoka mpweya wake ngati ndudu yosayatsa. Mu 1846 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wochiza anthu popanda chilolezo, n'kumulipiritsa chindapusa cha ma franc 15. Mu 1848 anaima nawo pa chisankho cha pulezidenti ali m'ndende. Madokotala amene ankamunyoza kuti ndi sing'anga wabodza ndi omwewo amene ana awo a sukulu anadzayamba kubaya kamfa wa m'mafuta kwa odwala chibayo, ovulala ku nkhondo ndi onse amene mtima ukuwathera. Leo Tolstoy anabayidwa jakisoni ameneyu pa siteshoni ya Astapovo mu 1910, ndipo Stalin anabayidwanso mu 1953. Umboni wogwirika woti ankalimbitsadi mtima sunapezeke, ndipo pang'ono ndi pang'ono anachotsedwa m'mabuku a zachipatala.

Tisaiwale amene analipira mtengo wa zonsezi. Mu 1870 John Wesley Hyatt wa ku America analembetsa njira yopangira celluloid, pulasitiki woyamba kuyenda malonda, posakaniza kamfa ndi nitrocellulose. Zipeso, makolala, zigwiriro za mipeni zimene kale zinkasemedwa ku minyanga ya njovu, kenaka filimu ya zithunzi ndi kanema, zonse zinafuna kamfa, mpaka gawo lopita ku mankhwala linasanduka laling'ono. Nkhalango zazikulu za mtengowu zinali m'mapiri a Taiwan, dziko la mitundu ya eni nthaka monga Atayal ndi Truku. Japan atalanda chilumbachi mu 1895, boma la atsamunda linalamula mu 1899 kuti malonda onse a kamfa akhale m'manja mwake. Linazinga mapiriwo ndi mzere wa alonda, malo ena ndi waya wamagetsi, n'kumausunthira m'kati chaka ndi chaka kuti otcheza kamfa afike ku mitengo yatsopano. Pakati pa 1910 ndi 1914 bwanamkubwa Sakuma Samata anatsogolera nkhondo zogonjetsa mitunduyi. Ife amene timadziwa mbiri ya mphira wa ku Congo sitifunika kutanthauziridwa. Chimene chinathetsa ulamuliro wa Japan pa malondawa chinachokera ku labotale: mu 1903 Gustaf Komppa wa ku Finland anapanga kamfa popanda mtengo wake, ndipo kamfa wambiri wa lero amapangidwa kuchokera ku mafuta a utomoni wa paini.

Mphatso yaikulu imene kamfa anasiyira zachipatala inachokera ku chiphe chake, kuphupha kuja kumene kunagwetsa Alexander. Kale mu 1776 Leopold Auenbrugger wa ku Vienna, yemwe uja anaphunzitsa madokotala kupima chifuwa pochigogoda ndi zala, anali atalemba za kumwetsa kamfa wambiri amuna amisala yolusa mpaka kuphupha. Ntchitoyo inaiwalika. Amene anaidzutsa ndi Ladislas Meduna wa ku Budapest. Popima ubongo wa anthu akufa, Meduna anaona kuti wa odwala khunyu uli ndi maselo ambiri otchedwa glia, pamene wa odwala misala ya schizophrenia uli ndi ochepa. Anaganiza kuti matenda awiriwa ndi adani, ndipo kuti munthu wa schizophrenia atagwetsedwa khunyu mwadala akhoza kuchira. Anayesa mankhwala angapo pa mbira, nasankha kamfa wa m'mafuta. Mu Januwale 1934, pa chipatala cha amisala cha Lipótmező, anayamba kubaya anthu.

Nkhani imene Meduna anaisimba m'mbiri ya moyo wake, imenenso mabuku ambiri anaibwereza, ndi ya bambo wa zaka 33 amene anakhala zaka zinayi ali gone, osalankhula, osadya yekha, akudyetsedwa kudzera m'kachubu. Atabayidwa pa 23 Januwale panapita mphindi 45, kenaka anaphupha kwa mphindi imodzi. Meduna akuti iye mwini miyendo inamulefuka mpaka anamwino anachita kumugwiriza. Pambuyo pa jakisoni wachisanu wodwalayo anadzuka, navala, napempha chakudya, nafunsa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji m'chipatalamo. Malinga ndi Meduna, munthuyo anachira natuluka. Koma ofufuza a ku Hungary atafukula mafayilo a chipatalacho, anafalitsa mu 2008 ndi 2009 zimene anapeza. Bamboyo sanali woyamba, pakuti ena anali atabayidwa kale kuyambira pa 2 Januwale. Anadzukadi, koma patangopita miyezi yochepa nthenda inabwerera. Anagwetsedwanso khunyu kambirimbiri mpaka 1937, sanatulutsidwe, ndipo anamwalira m'chipatala momwemo mu 1945. Sindiganiza kuti Meduna anangopeka nkhani. Anakumbukira tsiku la chozizwa n'kusiya zaka khumi ndi chimodzi zotsatira. Odwala a sing'anga wa kumudzi amachita chimodzimodzi posimba za amene anachira.

Kamfa sanakhalitse pa ntchitoyi. Jakisoni wake anali wowawa, ndipo wodwala ankadikira nthawi yaitali ali ndi mantha aakulu, osadziwa ngati agwa kapena ayi. Meduna anasinthira ku Cardiazol, mankhwala amene kampani ya Knoll inapanga m'zaka za m'ma 1920 kuti alowe m'malo mwa kamfa pa matenda a mtima. Mu 1937 anafalitsa zotsatira za odwala 110, ndipo pafupifupi theka la iwo anapeza bwino. Mu 1938 Ugo Cerletti ndi Lucio Bini ku Rome anagwiritsa ntchito magetsi m'malo mwa mankhwala. Maganizo oti khunyu ndi schizophrenia ndi adani anapezeka kuti ndi olakwika, koma chithandizocho chinatsala. Lero chimaperekedwa wodwala atagonekedwa tulo, ndipo chimathandiza kwambiri pa matenda aakulu a kukhumudwa ndi pa kuuma thupi konga kwa bambo uja.

Pamene zipatala zinkamutaya, masitolo anali atamulandira kale. Lunsford Richardson, wogulitsa mankhwala ku Greensboro m'chigawo cha North Carolina, anasakaniza kamfa, menthol ndi mafuta a bulugamu m'zaka za m'ma 1890, ndipo mafutawo anadzatchedwa Vicks VapoRub. Pa mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919, pamene anthu ankavala timatumba ta kamfa m'khosi, malonda ake anakwera kuchoka pa madola 900,000 kufika pa 2.9 miliyoni m'chaka chimodzi. Tiger Balm anachokera ku banja la Aw ku Rangoon, nakulira ku Singapore. Zam-Buk anayambira ku Leeds mu 1902, napeza kwawo kwenikweni ku South Africa, kumenenso Ingram's anabadwira mu 1937 mumzinda wa Johannesburg. Mtengo weniweniwo unali utafika kale kummwera kuno pa zombo za Adatchi: pa munda wa Vergelegen, pafupi ndi Cape Town, pakadali mitengo isanu imene inabzalidwa pakati pa 1700 ndi 1706. Ku KwaZulu-Natal mtengowu unafalikira mpaka kuwerengedwa m'gulu la zomera zachilendo zowononga, koma asing'anga a Chizulu anaupatsa dzina loti uroselina, ndipo khungwa lake limagulitsidwa m'misika ya mankhwala pochiza chimfine ndi kutentha thupi, komanso ngati mankhwala a chikondi. Chimene Ibn Sina anati chimapha chilakolako chinasanduka chokopera okondedwa, ndipo mtengo wobwera ndi atsamunda unalowa m'thumba la mankhwala amakolo.

Kodi mafuta amenewa amagwiradi ntchito? Pa kuyabwa ndi pa kuphwanya kwa minofu amathandiza pang'ono, mwa njira ya timakomo tija. Pa mphuno yotsekeka nkhani ndi ina. Mu 1983 Ronald Eccles ndi anzake ku Cardiff anapima mpweya wodutsa m'mphuno za anthu atanunkhiza kamfa, menthol ndi bulugamu. Anthuwo ananena kuti akupuma bwino, koma makina anaonetsa kuti mphuno sizinatseguke. Mu 2010 Ian Paul ndi anzake ku Pennsylvania anayesa ana 138 a zaka 2 mpaka 11 odwala chimfine: ena anadzozedwa VapoRub, ena mafuta opanda mankhwala, ena sanadzozedwe kanthu. Pofuna kuti fungo lisaulule chinsinsi, makolo a ana a magulu awiri odzozedwawo anauzidwa kuyamba adzipaka VapoRub kunsi kwa mphuno zawo. Makolo a ana a gulu loyamba ndiwo anati ana awo, ndi iwo omwe, anagona bwino koposa, ngakhale kuti ana ambiri a gululo anadandaula za kuwotcha kwa khungu ndi maso. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku kampani yopanga mafutawo. Tulo tabwino si kanthu kochepa m'nyumba ya mwana wodwala, koma chimfine chimatha pa nthawi yake.

Chiphe chija sichinapite kulikonse. Kamfa amalowa m'magazi msanga, ndipo mwana amene wammeza akhoza kuyamba kuphupha ola limodzi lisanathe. Ku America kunkagulitsidwa mafuta a njere za thonje okhala ndi magawo 20 pa 100 a kamfa, odzola pachifuwa, amene makolo ankawasokoneza ndi mafuta a nsatsi n'kumwetsa ana. Supuni imodzi yaing'ono, yokhala ndi pafupifupi galamu imodzi ya kamfa, inaphapo mwana wosakwana zaka ziwiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la FDA linaletsa mafutawo, n'kulamula kuti mankhwala odzola asapitirire magawo 11 pa 100. Komabe mu 2008 ana atatu a ku Bronx, mumzinda wa New York, anafika kuchipatala akuphupha m'masabata awiri okha, chifukwa cha timibulu ta kamfa togulidwa m'timasitolo ta m'deralo. Awiri anameza, wachitatu anangodzozedwa mobwerezabwereza. Mankhwala othetsa chiphechi kulibe. Kusanzitsa mwana n'koopsa chifukwa akhoza kuphupha masanzi ali kukhosi, ndipo kuchipatala amangoletsa kuphuphako ndi diazepam kapena mankhwala a mtundu wake, n'kuteteza kupuma mpaka thupi litachotsa chiphecho lokha.

Kuno kwathu, mwana wotentha thupi akayamba kuphupha, maganizo a mayi ndi a dokotala amathamangira ku malungo, ndipo nthawi zambiri amalondola. Koma mwana wa chimfine ndi yemweyonso amene wapakidwa mafuta m'mphuno, kapena wamwetsedwa madzi osungunuliramo kachidutswa ka mafutawo, pamene chizindikiro cha pa botolo la Vicks chimaletsa kumeza, kupaka m'mphuno, kutenthetsa, ndi kudzoza mwana wosakwana zaka ziwiri. Palinso msampha wa dzina. Timibulu toyera toika m'sutikesi kuopa njenjete, timene ambiri amatitcha kamfa, kawirikawiri ndi naphthalene, chiphe china chimene chimaswa maselo ofiira a magazi mwa anthu obadwa ndi vuto la G6PD, lomwe ndi lofala m'madera a malungo. Zizindikiro zake zimachedwa, tsiku limodzi kapena angapo, ndipo zimaoneka ndi chikasu ndi mkodzo wakuda. Namwino wa pachipatala chaching'ono amene walandira mwana ndi kambulu kotsala m'manja mwa mayi ake akhoza kusiyanitsa ziwirizi ndi kapu ya madzi: kamfa amayandama, naphthalene amamira.